MZINDA WA LIVINGSTONE, ZISUMBU ZA ZAMBEZI, NDI KAGAWIDWE KA DZIKO LA ZAMBIA

Mwana wa sukulu akauzidwa kujambula mapu a Zambia m'kope mwace, dzanja lace liyenda mayendedwe awiri. Pena likhotakhota, pakuti litsata mtsinje kapena gombe la nyanja; pena lifuna rula, pakuti malirewo aongoka ngati cingwe ca mmisiri womanga nyumba. Akafika pansi penipeni pa mapuwo, pomwe dziko lithera, aikapo kadontho nalemba dzina lakuti Livingstone. Ana ambiri adabwa akamva kuti kadontho ka m'mphepeteka kanali likulu la dziko lonse zaka 24, kuyambira 1911 kufikira 1935. Mfumu imanga bwalo lace pakati pa mudzi. Nanga Boma linamangiranji bwalo lace pakhomo pa mpanda? Yankho la funso limeneli liri mu mtsinje wa Zambezi, m'zisumbu zace, ndi m'mapangano amene analembedwa kutali ku Ulaya ndi anthu amene sanamweko madzi a mtsinjewo. Mphunzitsi wodziwa mbiri imeneyi sabvutika kuyankha ana ofunsa cifukwa cace dziko lao linagawika monga momwe liriri.

Maonekedwe a dziko

Dziko la Zambia liposa masikweya kilomita 750,000 kukula kwace. Liribe gombe la nyanja yamcere, ndipo lizingidwa ndi maiko asanu ndi atatu: Congo, Tanzania, Malawi, Mozambique, Zimbabwe, Botswana, Namibia ndi Angola. Mbali yaikulu ya dzikoli ndi mtunda wosalala ndi wozizira bwino, koma mtundawo unang'ambika m'zigwa zakuya ndi zotentha, monga cigwa ca Luangwa kum'mawa ndi cigwa ca Gwembe kum'mwera. Mvula yogwa pamtundapo igawikana pawiri. Ya kumpoto cakum'mawa itsikira mu Chambeshi, nilowa m'madambo a Bangweulu, nituluka ndi Luapula kunka ku nyanja ya Mweru, ndipo pomaliza ifika ku Atlantic podzera mu mtsinje wa Congo. Yotsala yambiri, pamodzi ndi madzi a Kafue ndi a Luangwa, ithera mu Zambezi, amene aipereka ku nyanja ya India m'dziko la Mozambique.

Zambezi ayamba ngati kasupe wamng'ono m'nkhalango ya kufupi ndi phiri la Kalene, kumpoto cakumadzulo kwa dziko. Alowa m'Angola, nabwereranso, nayenda pang'onopang'ono m'cidikha cacikulu ca Alozi, kumene asefukira caka ndi caka, kotero kuti Litunga, mfumu yaikulu ya Alozi, asamuka ndi bwato kucokera ku Lealui kunka kumtunda ku Limulunga pa mwambo wa Kuomboka. Pa Katima Mulilo mtsinje ukhotera kum'mawa. Pa Kazungula ulandira madzi a Chobe. Ndipo utayenda makilomita ngati 70 kupyola pamenepo, utambasuka pakati pa zisumbu zambiri za mitengo yobiriwira ndi migwalangwa. Munthu wopalasa bwato pamenepo angayese kuti mtsinje wagona tulo, koma patsogolo pace aona nthunzi yoyera irikukwera kumwamba ngati utsi wa lupsa, namva kugunda kosaleka.

Mathithi a Victoria ndi otambalala mamita 1,708, ndipo pakuya penipeni madzi agwa mamita 108. Adzala kwambiri m'miyezi ya April ndi May, naphwera mu October ndi November, pamene mbali ya kum'mawa itsala thanthwe lokhalokha. Pamlomo pa phompho pali zisumbu ziwiri zimene sizimira ngakhale madzi atasefukira: cisumbu ca Cataract cakumadzulo, ndi cisumbu ca Livingstone capakati. Kunsi kwa mathithi mtsinje wonse upanikizika m'ngalande yopapatiza ya miyala yakuda, yokhotakhota uku ndi uku. Akatswiri a miyala anena kuti khota liri lonse linali malo a mathithi nthawi yamakedzana, ndi kuti madzi akhala alikudya ming'alu yofewa ya m'thanthwe, kubwerera m'mbuyo pang'ono ndi pang'ono. Cofunika kucigwira ndi ici: kumtunda kwa mathithi bwato liyenda, koma kunsi kwace siliyenda. Njira ya pamadzi iduka pamenepa, ndipo pomwe njira iduka aulendo aima, natula akatundu, nafuna wowaolotsa. Mbiri yonse ya Livingstone inamera pa cimeneci.

Eni madooko ndi zisumbu

Azungu asanafike, dziko lozungulira mathithi linali la Aleya ndi Atoka, abale a Atonga, pansi pa mafumu monga Mukuni, Sekute ndi Musokotwane, amene maina ao alipobe kufikira lero. Iwo anacha mathithiwo Shungu na Mutitima, ndipo anali kupereka nsembe kwa mizimu ya makolo pamalo opatulika a m'mphepete mwa phompho. M'dziko la Mukuni, pambali pa mfumu, pali mai waulemu wochedwa Bedyango, amene asunga miyambo ya nthaka ndi ya mvula. Dzina lina lochuka, lakuti Mosi-oa-Tunya, ndiko kunena utsi wogunda, linadza ndi Akololo.

Masiku amenewo mwini bwato anali mwini mphamvu. Cisumbu cinali linga losafuna mpanda, pakuti adani osadziwa kupalasa anali kungoima patsidya. Akololo, mtundu wa Cisuto umene unathawa nkhondo za kum'mwera pansi pa mfumu Sebetwane, anaoloka Zambezi m'zaka za m'ma 1830, nthawi yomweyo imene Angoni a Zwangendaba anaoloka kunsi kwa mtsinje, kufupi ndi Zumbo, m'caka ca 1835. Sebetwane anaona kuti sangakhale pamtendere pokhala mafumu a pazisumbu anali okhoza kuolotsa Amatebele, adani ace, nthawi iri yonse. Cotero anawathira nkhondo, nawacotsa pazisumbupo, naika anthu ace pamadooko. Kuyambira pamenepo mtsinje unakhala ngati khoma lochinjiriza ufumu wa Akololo, kufikira Alozi anaugwetsa m'caka ca 1864.

Sebetwane anamwalira mu 1851, atangokomana ndi David Livingstone. Mwana wace Sekeletu ndiye anapatsa mlendoyo amuna, ng'ombe ndi mabwato. Mu November 1855 ulendo unafika pa cisumbu ca Kalai, kumtunda kwa mathithi, pomwe Livingstone anaona manda a mfumu Sekute atazingidwa ndi minyanga ya njobvu 70, monga analembera m'buku la maulendo ace. Pa 16 November opalasa odziwa mafunde anamfikitsa pa cisumbu ca pamlomo pa phompho, ndipo iye anasuzumira pansi, nacha mathithiwo dzina la Mfumukazi Victoria ya ku Mangalande. Anabzalapo mbeu za zipatso ndi za khofi, nalemba zilembo za dzina lace pamtengo. Koma pobweranso mu 1860 anapeza kuti mvuu zinaononga mundawo. Ana ayenera kuuzidwa momveka kuti Livingstone sanatulukire cinthu cobisika. Anaonetsedwa ndi eni dziko, amene makolo ao anakhala alikumva kugundako mibadwo yosawerengeka. Iye anali Mzungu woyamba kuciona ndi kucilengeza ku Ulaya.

Nkhani imeneyi ikhudza olankhula Cinyanja koposa momwe ambiri aganizira. Amuna oposa 100 a Sekeletu anaperekeza Livingstone kunka kum'mawa, natsala ku Tete pamene iye anapitirira ku Quelimane mu 1856. Pambuyo pace ena mwa anthu ocokera ku dziko la Akololo anakhazikika m'cigwa ca Shire pakati pa Amang'anja, nasanduka mafumu: Kasisi, Chipatula, Katunga, Maseya ndi Mlauli. Cotero madooko a kumtunda kwa mathithi ndi midzi ya ku Chikwawa anamangidwa ndi cingwe cimodzi kale Boma lisanadze.

Malire olembedwa ku Ulaya

Zaka za pakati pa 1890 ndi 1905 ndizo zinapatsa Zambia maonekedwe amene ana ajambula lero. Mu June 1890 Litunga Lewanika anasaina pangano ndi Frank Lochner, mthenga wa kampani ya Cecil Rhodes, ya British South Africa Company. Lewanika anali kufuna citetezo ca Mfumukazi ya ku Mangalande poopa Amatebele ndi Apwitikizi. Kampani inali kufuna miyala ya mtengo wapatali. Pa pangano limeneli, ndi ena otsatapo, kampani inatsamira pakunena kuti iri ndi ulamuliro pa dziko lonse la kumadzulo, ngakhale madera amene Alozi sanawalamulire konse.

Pa 1 July caka comweco Angerezi ndi Ajeremani anapangana za maiko ao a mu Africa. Ajeremani analandira kasumbu ka Heligoland ku nyanja ya kwao, naleka kulimbirana Zanzibar, napatsidwanso kamzere ka dziko kocokera ku South West Africa kufikira pa Zambezi. Kamzereko kanachedwa Caprivi, dzina la nduna yaikulu ya ku Germany. Cimene anali kufuna ndi khomo lotulukira pa mtsinje waukulu. Koma mtsinjewo, utapyola pang'ono malire ao, unali kugwera m'phompho, ndipo sitima ya pamadzi sikadapitapo. Cotsalira ca pangano limeneli ndico cala cacitali ca dziko la Namibia cimene ciloza ku Kazungula.

Pa 11 June 1891 Angerezi anapangana ndi Apwitikizi. Pangano limeneli ndilo linadula dziko la Acewa ndi Ansenga, kusiya ena ku Mozambique ndi ena ku dziko la Angerezi. Ndilonso linasiya zisumbu za Likoma ndi Chizumulu m'manja mwa Angerezi, cinkana ziri kufupi ndi gombe la Mozambique, popeza amishoni a U.M.C.A. anali atakhazikika kale pa Likoma. Mu 1894 pangano lina, ndi mfumu Leopold ya ku Belgium, linalowetsa phazi la dziko la Congo pakati pa Zambia, kotero kuti munthu wocokera ku Mufulira kunka ku Mansa pa njira yaifupi ayamba wadutsa m'dziko la eni.

Kumadzulo kunatsala mlandu. Pangano la 1891 linati malire a Angola adzakhala pomwe ufumu wa Alozi uthera. Koma ufumuwo unali kuthera pati? Ufumu wa masiku aja sunali ndi zikhomo za malire. Unali wolimba pakati, nunka nucepa mphamvu kutali, kumene mafumu ena anali kutumiza mitulo caka cina, caka cina osatumiza. Angerezi anati ufumuwo ufika kutali kumadzulo, Apwitikizi anakana. Atalephera kumvana, anatula mlanduwo mu 1903 kwa Victor Emmanuel III, mfumu ya ku Italy, imene inaweruzanso mlandu wa malire a Brazil ndi British Guiana mu 1904. Pa 30 May 1905 mfumuyo inagamula. Popeza inaona kuti malire enieni a ufumu wa Lewanika sangalozeke, inatenga mizere ya pamapu: kutsata mtsinje wa Kwando kufikira mzere wa madigiri 22 kum'mawa, kukwera nao kumpoto kufikira mzere wa madigiri 13 kum'mwera, kukhotera kum'mawa kufikira mzere wa madigiri 24, ndi kukweranso kumpoto kufikira malire a Congo. Ngondya zoongoka zija za kumadzulo kwa mapu a Zambia zinabadwa tsiku limenelo ku Rome. Aluvale, Alunda ndi Ambunda anagawika pakati, ndipo Lewanika anadandaula kuti dziko lace laduka.

Dziko la mfumu yoweruzayo liyenera mau pang'ono, pakuti mbiri yace ifanana ndi ya Zambia m'zinthu ziwiri. Italy ndi ndomo yaitali yolowa m'nyanja ya Mediterranean, pamodzi ndi zisumbu ziwiri zazikulu, Sicily ndi Sardinia. Nalonso linali maufumu ambiri amene analumikizidwa mu 1861, ndipo likulu lace linasamuka kawiri: kucokera ku Turin kumpoto kunka ku Florence mu 1865, ndi kufika ku Rome, pakati pa dziko, mu 1871. Lero ligawika m'zigawo 20, ndipo zisanu mwa izo, kuphatikizapo zisumbu ziwirizo, zinapatsidwa mphamvu zapadera zodzilamulira cifukwa ca mbiri ndi zilankhulo zao. Funso la cigawo cimene cinali ufumu pacokha, ndi malo ace m'dziko logwirizana, siliri la Zambia yokha. Anthu a ku Italy anapondanso pa Zambezi m'njira zina: abusa a banja la Jalla ndi mbusa Coisson, amene anagwira nchito m'mishoni ya Paris pakati pa Alozi ndi kufupi ndi mathithi, anali a ku zigwa za kumapiri a Piedmont, ndipo khoma la Kariba linamangidwa ndi kampani ya ku Italy yochedwa Impresit.

Rhodesia ziwiri ndi kubadwa kwa mzinda

Poyamba kampani sinalamulire dziko la kumpoto kwa Zambezi monga dziko limodzi. Linali maiko awiri, olowedwa pa makomo awiri. North-Eastern Rhodesia inalowedwa kucokera ku Nyasaland. Itatha nkhondo ya Angoni a Mpezeni mu 1898, likulu lace linakhala Fort Jameson, ndiye Chipata wa lero, pansi pa Robert Codrington. Asilikari, apolisi ndi akalaliki ambiri a kumeneko anali olankhula Cinyanja. North-Western Rhodesia inalowedwa kucokera ku Bulawayo. Woyang'anira wace woyamba anali Robert Coryndon, ndipo likulu linali pa Kalomo. Malire a pakati pa maiko awiriwa anali mtsinje wa Kafue, kufikira 1905 pamene anasunthidwira kum'mawa, kuti njanji ndi migodi zikhale m'dzanja limodzi.

Katundu yense wa kumadzulo anali kudza pa ngolo za ng'ombe, naoloka Zambezi pa dooko la kumtunda kwa mathithi, m'dziko la Sekute. Pamenepo panamera kamudzi ka amalonda kochedwa Old Drift, ndipo mmodzi mwa oyamba kukhalapo, m'caka ca 1898, anali F. J. Clarke, amene anthu anamucha Mopane. Malowo anali acinyontho ndi odzala udzudzu. Malungo, makamaka aja a mkodzo wakuda, anapha anthu ambiri, ndipo manda ao aonekabe m'kati mwa nkhalango yosungiramo nyama ya Mosi-oa-Tunya. Njanji inafika patsidya la kum'mwera mu April 1904. Ulalo wacitsulo, umene zitsulo zace zinasulidwa ku Darlington ku Mangalande, unamangidwa pa ngalande ya kunsi kwa mathithi, wautali mamita 198 ndi wokwera mamita 128 pamwamba pa madzi, ndipo unatsegulidwa pa 12 September 1905. Rhodes, amene anafuna kuti nthunzi ya mathithi izigwera pa sitima yodutsa, anali atamwalira mu 1902 osaonako malowo.

Ulalo unapha dooko. Boma linasamutsa anthu a pa Old Drift kuwaika pa mtunda wa mcenga, makilomita ngati 10 kumpoto kwa mathithi, pambali pa njanji, ndipo mudzi watsopanowo unachedwa Livingstone. Mu 1906 Leopold Moore anayamba nyuzipepala ya Livingstone Mail. Mu 1907 likulu linacoka pa Kalomo kudza ku Livingstone, ndipo mu 1911, pamene maiko awiri aja analumikizidwa kukhala Northern Rhodesia, Livingstone anakhala likulu la dziko lonse. Cifukwa cace cioneka poyera: olamulira anali kuyang'ana kum'mwera. Makalata, malamulo, ndalama ndi katundu zinali kucokera ku Salisbury, Bulawayo ndi Cape Town, ndipo Livingstone anali khomo lolowera zonsezi. Kwa kampani, pakati pa dziko panali pomwe njanji ilowera.

Mzindawo unakula ndi maofesi a Boma, mashedi a njanji, ndi macheka a Zambezi Sawmills, amene anali kututa mitengo ya mukusi pa njanji yao ya ku Mulobezi. Unakula wogawika: Azungu kumtunda, amalonda Acimwenye m'misewu yao, ndi anthu akuda m'makomboni monga Maramba, dzina la kamtsinje ka pamenepo. Kunasonkhana Alozi, Atonga, anthu a ku Fort Jameson ndi a ku Nyasaland. Ndipo popeza Cinyanja cinali cilankhulo ca apolisi ndi asilikari, cinamveka m'misewu ya mzinda wokhala kutali ndi kwao kwa Acewa. Mu 1930 akalaliki ndi ena ophunzira anayambitsa bungwe la Livingstone Native Welfare Association, limodzi mwa mabungwe oyamba odandaulira Boma za tsankho.

Likulu licoka, zigawo zisintha

Pa 1 April 1924 ulamuliro wa kampani unatha, ndipo dziko linalowa m'manja mwa Boma la ku London, Bwanamkubwa woyamba ali Sir Herbert Stanley. Posacedwa migodi yaikulu ya mkuwa inatsegulidwa kumpoto, ku Luanshya, Nkana ndi Mufulira, ndipo kulemera kwa dziko kunapendekera kumeneko. Pamenepo kuipa kwa malo a Livingstone kunaoneka. Kucokera ku Livingstone kufika ku Lusaka ndi makilomita ngati 470, ndipo kucokera ku Lusaka kufika ku Chipata ndi enanso ngati 570. Mfumu kapena mphunzitsi wa kum'mawa wokhala ndi mlandu ku likulu anali kuyang'ana ulendo wa masabata. Mzindawo unalinso wotentha, pokhala m'munsi kuposa mtunda wa pakati pa dziko. Mu 1931 Boma linasankha Lusaka, kasiteshoni ka njanji kokhala pomwe misewu ya kumpoto ndi ya kum'mawa ipatukana, ndipo mu 1935 likulu linasamuka. Livingstone anatsala ndi nyumba yosungiramo zinthu zakale, imene inayamba mu 1934, ndi udindo wa likulu la cigawo ca kum'mwera.

Zigawo za m'kati mwa dziko nazonso sizinakhale cikhalire. Maboma oyamba anaikidwa makamaka kuti msonkho usonkhedwe ndi milandu iweruzidwe, ndipo malire ao anali kusuntha monga mwa kufuna kwa olamulira. Cigawo ca Luapula cinapatulidwa ku cigawo ca kumpoto mu 1958. Dziko la Alozi linali ndi malo apadera, ndipo pa 18 May 1964 Kenneth Kaunda, Litunga Mwanawina III ndi nduna ya Boma la Angerezi anasaina pangano la Barotseland, lolonjeza kusunga mphamvu zina za Litunga m'dziko la Zambia, limene linalandira ufulu pa 24 October caka comweco. Mu 1969 Boma linathetsa mphamvu ya panganolo, nilisintha dzina la cigawo ca Barotse kukhala Western, ndipo cigawo ca migodi, cimene kale cinali kuchedwa Western, cinakhala Copperbelt. Mkangano wa pangano limeneli sunazime pakati pa Alozi. Lusaka anapatulidwa ku cigawo ca pakati m'zaka za m'ma 1970. Mu 2011 President Michael Sata anakhazikitsa cigawo ca Muchinga, ndipo Boma lace linasamutsa likulu la cigawo ca kum'mwera kucokera ku Livingstone kunka ku Choma, pa cifukwa comwe cija ca 1935, cakuti Livingstone ali kumphepete. Boma la Chama, limene linaikidwa mu Muchinga, linabwezedwa ku cigawo ca kum'mawa mu 2021.

Cotero zigawo ziripo khumi, ndipo malikulu ace ndi awa: Central, Kabwe, Copperbelt, Ndola, Eastern, Chipata, Luapula, Mansa, Lusaka, Lusaka, Muchinga, Chinsali, Northern, Kasama, North-Western, Solwezi, Southern, Choma, Western, Mongu.

Mtsinje ukhala khoma, nukhalanso njira

Pa nthawi ya Citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland, kuyambira 1953 kufikira 1963, munthu anali kuoloka ulalo wa pa mathithi monga aoloka kamtsinje ka kumunda. M'zaka zomwezo khoma la Kariba, lotsirizidwa mu 1959, linamiza cigwa ca Gwembe. Atonga ngati 57,000 a matsidya onse awiri anasamutsidwa, abale amene anali kucezerana pa bwato analekanitsidwa ndi nyanja yotambalala, ndipo nsonga za mapiri zinasanduka zisumbu zatsopano monga Chete. Citaganya citatha, pa msonkhano umene unacitikira pa mathithi pomwepo mu 1963, mtsinje unakhala malire enieni a maiko awiri, ndipo cisumbu ciri conse cinayenera kukhala ndi mwini. Cisumbu ca Livingstone ciri m'Zambia. Ca Cataract, cinkana cioneka pafupi, ciri m'Zimbabwe.

Azungu a ku Southern Rhodesia atadzilengeza okha ufulu pa 11 November 1965, ulalo uja unasanduka malo a asilikari. Mu January 1973 malire anatsekedwa, ndipo mzinda umene unabadwa cifukwa ca khomo unasauka pokhala khomolo lotseka. Mu August 1975 sitima inaimikidwa pakati pa ulalo, kuti Ian Smith akhale mbali ya dziko lace ndi atsogoleri a anthu akuda a ku Rhodesia akhale mbali ya Zambia, Kaunda ndi John Vorster wa ku South Africa ali pomwepo. Koma zokambiranazo sizinabale kanthu. Mtendere unadza ndi ufulu wa Zimbabwe mu 1980, ndipo mu 1989 bungwe la UNESCO linalemba mathithiwo m'kaundula wa malo a mtengo wapatali a dziko lonse lapansi, m'dzina la maiko onse awiri. Kuyambira pamenepo alendo odzaona mathithi ndiwo akhala cuma cacikulu ca mzindawo.

Kuti mapangano akale akali ndi mano cioneka pa kasumbu ka mu mtsinje wa Chobe, kumtunda kwa Kazungula, kamene a ku Namibia akacha Kasikili ndi a ku Botswana akacha Sedudu. Pangano la 1890 linati malire atsate mtsinje waukulu wa Chobe, koma pa kasumbuko madzi apatukana pawiri, ndipo panganolo silinanene mbali imene iri yaikulu. Maiko awiriwo anatengera mlanduwo ku bwalo la milandu la maiko onse ku The Hague, limene pa 13 December 1999 linagamula kuti kasumbuko nka Botswana. Pa Kazungula pomwepo, pamene maiko anai ayandikana, malire a Zambia ndi Botswana ndi aafupi kwambiri, mamita ngati 150 okha. Cifukwa cace ulalo watsopano wa mamita 923, wotsegulidwa pa 10 May 2021, unamangidwa wokhota, kuti usaponde madzi a Zimbabwe kapena a Namibia. Akulu anati madzi saiwala khwawa: pa dooko lomwe Akololo ndi amishoni anali kuolokera pa mabwato, lero padutsa magalimoto a katundu.

Mau kwa aphunzitsi

Sukulu ya kumudzi kawirikawiri iribe mapu a pakhoma, koma iri ndi bwalo, mcenga ndi madzi. Mphunzitsi angathe kutulutsa ana panja, nalemba Zambezi pansi ndi ndodo, naika miyala m'malo mwa zisumbu, nakumba kadzenje pa mathithi. Malire otsata mitsinje alembedwe ndi phulusa, ndipo malire oongoka amangidwe ndi luzi pa zikhomo, kuti ana aone ndi maso kusiyana kwa malire a cilengedwe ndi malire a pa tebulo. Pa mzere uli wonse afunsidwe mafunso atatu: anaulemba ndani, caka canji, ndipo anali kufunanji? Pambuyo pace atumidwe kwa agogo ao kukafunsa kumene anthu a mudziwo anali kupereka msonkho kale, ndi kumene kuli abale ao a patsidya pa malire.

Ana a kum'mawa sadzasowa citsanzo, pakuti caka ndi caka, mu August, Acewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique asonkhana pa Mkaika, m'boma la Katete, kudzalamba kwa Kalonga Gawa Undi, ndipo ambiri a iwo aoloka malire a 1891 kuti afike kwa mfumu yao. Malire a dziko ayenera kulemekezedwa, pakuti mtendere wa maiko utsamira pa iwo. Koma mwana wodziwa kumene anacokera sadzayesa mlendo munthu wa patsidya amene alankhula cilankhulo ca amace.